Batire la Mwinidziko wa ku Zilimnjira

Anthu amene sanafikeko ku Zilimnjira amati anthu a kumeneko ndi aulesi. Kumeneko ndi kuweruza mothamanga. Anthu a ku Zilimnjira ndi odikira, ndipo aliyense amene anadikirapo akudziwa kuti kudikira kumatopetsa kuposa kupalira. Feteleza ali m'njira. Mankhwala a m'chipatala ali m'njira. Mlatho wa pa mtsinje wa Mawa unanyamuka m'nthawi ya agogo ake a mfumu ilipoyi, ndipo akuti tsopano wayandikira. Likulu la dzikolo ndi Dikirani, mzinda wa msewu umodzi wa phula, woyambira pa chipata cha nyumba yachifumu n'kukathera pa chipata cha bwalo la zamasewero.

Wolamula dzikolo anali Mwinidziko Kadziwakale Wachitatu. Tisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Ankakonda ana, nyimbo za makwaya ndi chithunzi chawo. Chimene chinkavuta ndi mwambo umene anaupeza pampando. Ku Zilimnjira mfumu siuzidwa chinthu chimene sikuchidziwa, chifukwa kuiuza ndiye kunena kuti mpaka lero inali mbuli. Choncho aliyense wolankhula nayo amayamba ndi mawu akuti, "Monga mukudziwa kale, Mwinidziko." Ngakhale dokotala akayeza magazi amagwada n'kunena kuti, "Monga mukudziwa kale, Mwinidziko, muli ndi malungo." Kuphunzitsa mfumu kanthu ndiye unali mlandu woposa kuba ng'ombe.

Kum'mawa kwa Dikirani kuli phiri la Tengani. Mwala wake ndi wotuwa, wosalimba, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankangouyala pansi pa zimbudzi. Kenaka kunabwera anthu a ku Kwaeniake, dziko la kutsidya kwa nyanja yamchere, nati mwala umenewu ndi umene amapangira mabatire a magalimoto oyendera magetsi. Malole anayamba kututa osapuma. Phirilo linafupika moti dzuwa linayamba kuoneka msanga mu Dikirani, ndipo Nduna ya Zamtsogolo, a Chikwangwani, analengeza pa wailesi kuti boma latalikitsa tsiku popanda kukweza msonkho. Nduna imeneyi inali yakhama. Paliponse pamene pankayenera kumangidwa kanthu inkaimikapo chitsulo cholembedwa chimene chidzamangidwe, ndipo mbuzi zinkaithokoza chifukwa cha mthunzi.

Chaka china Mwinidziko anakacheza ku Kwaeniake. Kumeneko anawakweza m'galimoto yosalira, yosatulutsa utsi, nawauza kuti m'mimba mwa galimotoyo muli phiri lawo lomwe. Anabwerako ali munthu wina. Anaitanitsa dziko lonse ku bwalo la zamasewero, naima pansanja.

"Anthu anga," anatero, "phiri lathu likuyendetsa mafumu a dziko lapansi mwakachetechete, ife eni phiri tikutsokomola utsi ngati otcheza kachasu. Kuyambira lero petulo ndi mdani wa ufumu. Chilichonse chakumwa petulo kapena dizilo chikatsekeredwe ku Khola la Utsi. M'malo mwake mudzalandira zamagetsi. Zili m'njira."

Mawu omalizawa anamveka bwino mpaka kumipando yakumbuyo, chifukwa jenereta ya dizilo yoyendetsa zokuzira mawu inali isanatsekeredwe ku Khola.

Ku msika wa Pirirani nkhaniyi anailandira monga amalandirira mitengo yatsopano ya sopo.

"Zamagetsi," anatero mayi wina wogulitsa makala. "Magetsi ake ati?"

"Omwewa obwera ngati mlamu wakutaliwa," anayankha Nangozo, wogulitsa nthochi pambali pake. "Satumiza uthenga, ndipo sagonera."

Anthu anaseka, koma Nangozo mwini sanaseke. Mwamuna wake, Zakeyu Mkwapatira, anali wakabaza. Anayamba ndi njinga yakapalasa, kunyamula anthu ndi matumba a chimanga mpaka akatumba a miyendo yake anauma ngati mizu ya mtondo. Imvi zitayamba kumera m'pamene anakwanitsa kugula njinga yamoto yofiira, nati tsopano mawondo apumule. Njingayo ndiyo inkadyetsa nyumba ndi kuphunzitsa mwana wawo Felesiya. Tsiku la lamulolo Zakeyu sanadikire apolisi. Anaikankha yekha mpaka ku Khola la Utsi, naifunditsa chiguduli pachishalo kuti dzuwa lisang'ambe, nabwerera kwawo wapansi.

Patapita miyezi magalimoto anafikadi, zimene zinadabwitsa ambiri chifukwa sizinali m'chikhalidwe cha dzikolo. Anali a mfumu ndi nduna zokha; za anthu wamba zinali zikadali m'njira. A Chikwangwani anakawalandira pamodzi ndi kazembe wa ku Kwaeniake. Atatsegula pansi pa galimoto ya mfumu anapezapo malo aakulu, aukhondo, opanda kanthu.

"Batire lili kuti?" anafunsa a Chikwangwani.

Kazembeyo anali munthu waulemu, wolankhula chinenero cha ku Zilimnjira ngati wachiphunzira m'buku la mapemphero. "Bwana Nduna, dziko lonse lapansi likufuna mabatire. Mafakitale athu sakukwanitsa. Pali mzere."

"Koma mwalawo ndi wathu."

"N'chifukwa chake tikukuthokozani kwambiri. Pa mzere wa othokozedwa muli patsogolo penipeni. Pa mzere wa mabatire muli cha kumbuyoko."

Nduna zinakumana mfumu ikupuma. Ina inati angowauza Mwinidziko zoona zake, basi. Apo ndi pamene anatsokomola a Dzanalomwe, wosunga mwambo, nkhalamba imene palibe ankakumbukira kuti inasekapo.

"Muyamba ndi mawu ati?" anafunsa. "Mukati, 'Monga mukudziwa kale, magalimoto alibe mabatire,' ndiye kuti mukunena kuti iwo analanda anthu njinga zawo akudziwa. Mukawasiya mawuwo, ndiye kuti mukunena kuti sankadziwa. Zingwe ndi ziwiri. Sankhani chokukwanani m'khosi."

Panalibe wofuna kusankha. A Chikwangwani, amene khosi lawo ndilo linali pafupi ndi zingwe zonse ziwiri, anaimirira pawindo akupukuta thukuta. Kunjako antchito ankakankha galimoto ya mfumu kupita nayo pamthunzi. Inkayenda bwinobwino, yowala, osamveka ngakhale kaphokoso.

"Abale anga," anatero a Chikwangwani pang'onopang'ono, "galimoto yamagetsi ikamayenda silira."

"Tikudziwa."

"Yokankhidwa nayonso silira."

Nduna zinayang'anana. A Chikwangwani anapitiriza kuti m'maiko otukuka, mfumu ikamayenda, amuna ovala masuti akuda ndi magalasi akuda amathamanga pambali pa galimoto, dzanja limodzi lili pachitsulo. Palibe amene anafunsapo chimene dzanjalo limachita. A Dzanalomwe anaganiza nthawi yaitali, nati m'mwambo mulibe choletsa munthu kugwira galimoto ya mfumu mwamphamvu.

Anayamba ayesa asilikali. Koma asilikali a kunyumba yachifumu anali atadya mtendere kwa nthawi yaitali, ndipo pa chitunda choyamba anakhala pansi. Ndiye wina anakumbukira kuti mumzinda muli amuna a miyendo yolimba amene lamulo linawasiya akusewera bawo pansi pa mitengo. Anasankhapo asanu ndi atatu. Zakeyu ndiye anali wamkulu pa onsewo, ndipo anamuika kumbuyo, kumene kulemera konse kumathera.

"A Mkwapatira," anatero a Chikwangwani akumupatsa suti, "ndikudziwa kuti muli ndi njinga ku Khola. Tsiku limene batire lidzafike mudzakaitenga, ndipo wapolisi aliyense adzayang'ana kumbali. Mawu anga ndi amenewo. Koma pakamwa pakhale potseka."

"Lifika liti, bwana?"

"Lili m'njira."

Zakeyu anali mbadwa ya dzikolo, ndipo anamva bwino chimene mawuwo amatanthauza. Komabe anavala sutiyo. Panalibe khomo lina lolowera ku Khola.

Chimene sanachiganizire ndi chakuti Mwinidziko adzafuna kuyendetsa okha. Chibadwire anali asanagwirepo chiwongolero, koma ku Kwaeniake anaona mafumu akudziyendetsa, ndipo panalibe wowauza kuti anzawowo anachita kuphunzira. Anakhala pampando, nagwira chiwongolero ngati lichero, naponda chimene phazi linapeza. Zakeyu anatsokomola, amuna aja anaweramira kutsogolo, galimoto inanyamuka.

M'masabata ochepa okankhawo anaphunzira kuwerenga mfumu kuposa mmene nduna zinkaiwerengera. Zakeyu ankayang'ana khosi la Mwinidziko pagalasi lakumbuyo. Khosi likaongoka, ndiye kuti akufuna liwiro. Likapendekera kumene kuli amayi ovina, ndiye kuti achepetse. Likauma, aime. Chiwongolero chikalowera kudzenje, a kumbali ankaibweza ndi mapewa. Pamene phula linakumbika ankainyamula ndithu, n'kukaitula tsidya linalo, mfumu osamva kanthu.

"Galimoto imeneyi," anatero Mwinidziko pa wailesi, "imamva maganizo anga ndisanawaganize. Izi ndi zimene ndinkakuuzani."

Chinsinsicho chinasungidwa bwino, kutanthauza kuti aliyense ankachidziwa kupatula mmodzi. Anthu oima m'mbali mwa msewu ankaombera m'manja, monga mwambo umafunira nthawi iliyonse mfumu ikadutsa, ndipo ankamva bwinobwino kupuma kwa amuna asanu ndi atatu. Wolengeza wa pa wailesi anafotokoza kuti kumeneko ndi kulira kwa magetsi.

"Mayi a Felesiya," ankatero wamakala uja m'mawa uliwonse, "amuna anu mwawatchaja?"

"Ndawatchaja, asisi. Koma chaja yake yakalamba, ndipo soketi mukuidziwa mmene ilili."

"Tibwerekeniko Loweruka, tili ndi ukwati ku Mawa."

"Bwerekani a kwanu aja. Paja iwo sanathe moto chikwatirireni, sanagwirepo ntchito."

Kunyumba kunalibe nthabwala zambiri. Zakeyu ankafika akukoka miyendo, n'kupachika suti pamsomali, n'kugona chafufumimba pamkeka. Nangozo ankamuthowa msana ndi madzi otentha.

"Bambo a Felesiya, msana uwu si wa boma."

"Batire likubwera."

"Mlatho wa pa Mawa nawonso ukubwera. Bwanji osangoisiya njingayo? Tidzagulitsa nthochi tonse."

"Ine pa benchi ndi nthochi? Njinga ija ndinaipalasira zaka zanga zonse, Nangozo. Ndikaisiya ndiye kuti ndinkapalasa chabe." Anatembenuzira nkhope kukhoma. "Dzulo ndinakasuzumira pawaya. Chiguduli chikadalipo. Udzu walowa m'masipoko, koma udzu ndi udzu."

"Thowani nokha tsono," anatero Nangozo, koma anapitiriza kuthowa.

Mvula inabwera n'kupita, galimoto ikunyamulidwa pamatope. Ndiye tsiku lina, popanda wochenjeza, batire linafika. Linali limodzi. Kazembe anafotokoza kuti mfumu ina ya patsogolo pa mzere yachotsedwa pampando isanalandire lake, ndipo Kwaeniake inakumbukira abwenzi ake a phiri. Anabwera ndi amisiri ake, amene analiika m'galimoto ya mfumu n'kulidzaza moto ndi jenereta ya ku nyumba ya kazembeyo. Poganizira misewu ya dzikolo, anaimanga galimotoyo kuti isapitirire liwiro la njinga yamoto. A Chikwangwani anauza Mwinidziko kuti, monga akudziwa kale, mabatire amasinthidwa akatumikira chaka, ndipo latsopanoli adzalionetsa ku mtundu wonse pa bwalo la zamasewero.

Nduna zinakumananso. Nduna ya Zaumoyo, mayi wofatsa amene kawirikawiri sankalankhula, anafunsa ngati pali amene awasonyeze Mwinidziko chopondera choimitsira galimoto.

"Kuwasonyeza," anabwereza a Dzanalomwe, ngati alawa chowawa. "Munthu wayendetsa galimoto chaka chathunthu pamaso pa dziko lonse. Wailesi yanena. Ana akuimba kusukulu. Lero mukufuna mukawauze kuti ili ndi buleki?"

"Nanga tikangoti, 'Monga mukudziwa kale, buleki ili apa'?"

"Ngati akudziwa kale, mukuwauziranji? Mawu amenewo ndi a nkhani, si a maphunziro. Chala chikangoloza, ndiye kuphunzitsa kumeneko."

Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anagwirizana onse kuti Mwinidziko amadziwa kuyendetsa galimoto, ndipo aliyense anatuluka mtima uli m'malo, chifukwa nkhaniyo inali itagamulidwa.

Okankha aja anauzidwa kuti athamange pambali komaliza, dzanja lili pachitsulo monga mwa masiku onse, koma asakankhe. M'mawa wa tsikulo Zakeyu anaimba nyimbo posamba. Anauza Nangozo kuti madzulo asakwere phazi, adzamutenga yekha pa chipata cha bwalo, dengu ndi mwini wake yemwe.

Bwalo linadzaza. Makwaya anaimba, a Chikwangwani analankhula za mtsogolo, kazembe analankhula za ubale. Mwinidziko anatsika pansanja, nalowa m'galimoto imene inali pa msewu wa othamanga wozungulira bwalolo. Anagwira chiwongolero, naongola khosi, naponda chimene phazi linapeza.

Amuna asanu ndi atatu anatsala ataimirira, dzanja lililonse lili m'malere.

Galimoto inalunjika kwa oimba a polisi, amene anabalalika ndi malipenga awo. Mwinidziko anakhotetsa chiwongolero ndi mantha, nachigwira pomwepo osachisiyanso, phazi litauma pamene linaponda. Mwamwayi kukhota kwake kunafanana ndi kukhota kwa bwalo. Galimoto inazungulira, nidutsa pansanja, anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Inazunguliranso. Anthu anaombanso, pakuti mfumu inali itadutsa.

Pozungulira kachitatu Zakeyu analiona khosi lija pagalasi. Linali litauma ngati mtengo. Miyendo yake inadziponda yokha pansi kuti aimitse, koma chimene akanaimitsa chinali kale kugoli lakumpoto. Mwinidziko anayesa zonse zimene ankazidziwa. Anatsokomola. Anakwinya nkhope. Anayang'ana kumene kunali amayi ovina. Batire la ku Kwaeniake silinkadziwa ulemu.

Kazembe anadzuka pampando, manja ali kukamwa kuti akuwe. A Dzanalomwe anamutchinga ndi ndodo.

"Kuno mfumu sitiikuwira."

"Koma angochotsa phazi. Ndi zokhazo. Angochotsa phazi."

"Akudziwa," anatero a Dzanalomwe. "Akuonetsa anthu awo."

"Kodi batire limeneli limatha liti?" ananong'ona a Chikwangwani.

Apa kazembe, ngakhale anali ndi nkhawa, sanathe kubisa kunyada. "Limeneli ndi labwino kwambiri, Bwana Nduna. Likhoza kukafika kumalire a dziko lanu n'kubwerera."

Mawuwo anayenda m'mipando yonse ngati moto wa m'tchire, ndipo anthu anabuula akuombabe m'manja. Dzuwa linafika pamutu. Zikhato zinatupa. Akuluakulu a mipingo anagawa anthu m'magulu, ena aziomba ena akupuma, kuti mfumu isadutse pachete. Oimba a polisi anatola malipenga, naimba nyimbo ya fuko mpaka milomo inakana. Wolengeza wa pa wailesi anati Mwinidziko akuyendera dziko lonse mophiphiritsa. Nangozo anagulitsa nthochi zonse, ngakhale zakuda zimene ankafuna kukataya.

"Amuna anu anali bwino," anatero wamakala uja akuuzira m'manja mwake. "Ankatopa."

Dzuwa litapendeka galimoto inayamba kufooka. Inayenda ngati nkhalamba yochokera kumaliro, nikaima yokha pafupi ndi goli. Anatsegula chitseko. Mwinidziko anatuluka, nayenda mozungulira paudzu kawiri, nagwa m'manja mwa asilikali. Anthu anaomba m'manja komaliza, ndipo ena akuti kuomba kokhako ndi kumene kunachokera mumtima.

M'mawa mwake bwalo la nduna linaitanidwa. Mwinidziko anakhala pampando atagwira zogwirira zonse ziwiri, ngati akuopa kuti nawonso unyamuka.

"Chikwangwani."

"Mwinidziko."

"Batire lakale lija linkamva. Ndikafuna kuima linkaima. Pa maenje linkandinyamula. Linachokera kuti?"

A Dzanalomwe anayang'ana kudenga. A Chikwangwani anagwada, ndipo tiyenera kuwachitira chilungamo pano: sananame.

"Monga mukudziwa kale, Mwinidziko, limenelo linali lopangidwa konkuno."

"Konkuno."

"Kuyambira kumutu mpaka kumapazi."

Mwinidziko anagwedeza mutu nthawi yaitali, monga munthu amene wakumbutsidwa chinthu chimene ankachidziwa. Madzulo ake wailesi inawerenga lamulo latsopano. Batire la ku Kwaeniake linapezeka lolakwa pa mlandu woukira mfumu, ndipo litsekeredwe m'ndende mpaka lidzaphunzire kumva. Mabatire onse akunja aletsedwa kulowa m'dziko. Batire la ku Zilimnjira, limene laonetsa kuti limaposa a maiko otukuka, libwezeretsedwe m'galimoto ya mfumu ndipo liikidwenso m'magalimoto a nduna zonse. Mabatire amenewa ndi chuma cha boma, ndipo asungidwe mosamala. Kunena za mwala wa phiri la Tengani, popeza waoneka kuti ndi wamwano, upitirire kugulitsidwa kunja kuti ukavutitse ena.

Ku msika wa Pirirani amuna amene ankasewera bawo anayamba kusowa mmodzimmodzi. Ena anapita okha kukayezetsa masuti, ena anachita kutengedwa. Mayi wamakala anati kwa nthawi yoyamba akuthokoza Mulungu kuti anakwatiwa ndi mlesi.

Zakeyu anadikira kuti fumbi likhazikike. Tsiku lina m'mawa, asanayambe ntchito, anapita ku ofesi ya Nduna ya Zamtsogolo. Anamulowetsa msanga, zimene zinamulimbitsa mtima. Mkatimo anapeza a Chikwangwani akumwa tiyi ndi kazembe uja, amene sankaoneka wokwiya konse ndi kumangidwa kwa batire lake.

"Bwana Nduna, ndabwerera njinga ija."

"Njinga iti, a Mkwapatira?"

"Yofiira, ya chiguduli pachishalo. Munati batire likadzafika ndidzakaitenga."

"Ndinatero, ndipo ine sindibweza mawu. Lafika?"

"Linafika, bwana. Dziko lonse linaliombera m'manja tsiku lathunthu."

"Limene mukunenalo ndi mkaidi. Boma silingakwaniritse lonjezo chifukwa cha chigawenga." A Chikwangwani anaika kapu pansi. Sankalankhula mwaukali; ankafotokoza ngati munthu wothandiza mnzake kumvetsa. "Komanso munamva lamulo. Batire lovomerezeka m'dziko muno ndinu, a Mkwapatira. Ndinu chuma cha boma. Katundu wa boma sakhala ndi katundu wake."

Zakeyu anayang'ana pansi, pa nsapato zakuda zimene zinali zitatha kumphuno chifukwa cha kuponda zitunda.

"Ndiye ndingokaichotsako udzu m'masipoko, bwana. Osaitenga. Kungochotsa udzu."

"Ku Khola kuli fungo la petulo. Lingakuonongeni."

Kazembe, amene nthawi yonseyi ankamuyang'ana Zakeyu mwachidwi, anaweramira kwa nduna. Anati kwawo mzere wa mabatire ukutalikirabe, ndipo m'mafakitale momwemo akusowa chokokera ngolo za mwala kuchokera kudoko. Boma lake lamva pa wailesi za luso latsopano la ku Zilimnjira, ndipo likufuna kudziwa ngati abwenzi angagawireko abwenzi. Anafunsa ngati mtundu umenewu umapirira kuzizira, ndiponso ngati alipo ambiri.

"Alipo," anatero a Chikwangwani. "Ena akadali kusukulu, koma akukula." Anatembenukira kwa Zakeyu. "A Mkwapatira, tavulani jeketelo mutembenuke. A kazembe akufuna aone msana."

Zakeyu anavula jekete pang'onopang'ono. Anayang'ana poliika, koma mipando yonse inali ndi eni ake. Analipinda bwinobwino, nalipachika padzanja kuti lisakhudze pansi, pakuti nalonso linali la boma. Kenaka anatembenuka.